Zala za Kassim pa Felemu

Lachiwiri, 3 Seputembala 2024. Balaka.

Tsiku la 29 chimwalirire Kassim. Sindifuna kuwerenga, koma mutu ukuwerenga wokha.

Alamu anga a Laisi abwera ku shopu masana. Mwana kumsana, fumbi la minibasi ya ku Liwonde m'nsidze, kanthu kafulati kokulunga m'chitenje. Ine ndili mkati mosakaniza penti wa kasitomala. Anangoima pakhomo ngati wopempha. Awonda.

Felemu. Ntchito yomaliza ya mwamuna wawo, mchimwene wanga. Paini woyera, wosapakidwa kanthu. Namasupuni ndi bango kuzungulira konse, zochekedwa ndi kasowo kake ka magetsi kaja, kopyapyala ngati ulusi. Pakati mpata wopanda kanthu.

Akuti ananena ali m'chipatala: "Mtundu akasankhe Zaituni. Wina asakhudze."

Amayi akufuna ikakolekedwe pa sadaka ya arubaini, ya tsiku la 40, pa 14. Masiku khumi ndi limodzi.

Ndinawauza kuti ine sindilembedwa ntchito ndi akufa. Anaisiya pa kauntala, pakati pa misomali ndi maloko, n'kutuluka. Ngakhale madzi akumwa sindinawapatse. Ndakumbukira atakwera kale.

Lachitatu, 4 Seputembala.

Ili pansi pa bedi. Chipinda chonse kununkha paini. Ndatsegula zenera, fungo silikutuluka.

Ndilembe kuti ndisaiwale, chifukwa onse ayamba kale kuiwala. Munthu akafa amasanduka mngelo pasanathe sabata.

Kassim sankaona mitundu. Chofiira, chobiriwira, chakhofi, kwa iye dothi limodzi. Chaka china anacheka mwezi ndi nyenyezi za pa geti la mzikiti kufupi ndi Ulongwe, n'kuzipaka penti wofiirira wa madenga, mtima uli mbee, akuti wobiriwira. A shehe anafunsa ngati mwezi wachita dzimbiri. Tinaseka mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo mitundu inali ntchito yanga. Ndili Fomu 1. Ndikaweruka, yunifomu pa msomali, sandipepa m'manja. Iye kucheka, ine kupaka. Ankanditcha maso ake.

Kenako za Willard, chibwenzi changa. Mphunzitsi, wa tchalitchi. Kassim akanangonena kuti iyayi, ndikanamva. Koma anatenga foni yanga ndikusamba. Anaitana amalume a Sufiyani ndi azibambo ena pakhonde, n'kuwawerengera mameseji anga onse, mokweza, akuyerekeza mawu anga achitsikana. Azibambo kuseka m'mapewa. Amayi kuyang'ana pansi. Ine ndi thaulo kumutu.

Willard anakwatira ku Ntcheu. Sindimulira, anali ndi mano oipa. Ndimalira khonde lija.

Kassim ndinamubuloka pa foni tsiku lomwelo. Zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Sanabwerepo kudzati pepa.

Pa maliro, asananyamule jeneza kupita kumanda, a shehe anapempha onse kuti timukhululukire. Amayi anandigwira bondo. Ndinadzuka kukatsuka makapu.

Lachisanu, 6 Seputembala.

Mphepo ya fumbi tsiku lonse. Makasitomala ochepa. Vanishi wakweranso mtengo, anthu akungofunsa n'kuseka n'kupita.

Ndasankha. Penti wakuda wa oyilo, kachitini kakang'ono. Makoti awiri, thabwa lisaonekenso. Amafuna mtundu? Ndi umenewo.

Abwana a Festus ataona chitini anafunsa kuti ndi cha geti la ndani. Ndinawaonetsa chithunzi cha felemu pa foni. Anavula magalasi. "Iwe mwana, ntchito ngati iyi wakuda? Bola ukaiponye mu Shire, ng'ona zikadzione." Anatenga kachitini ka siteni, mtundu wolowa m'thabwa, wa mbawa, pa shelefu n'kundiponyera m'thumba. Sindinapemphe. Anthu achikulire ndi kulowerera.

Telala wa khomo linalo wakhala akusoka mayunifomu kuyambira m'mawa. Tiki-tiki-tiki, kuima, tiki-tiki-tiki. Chaka chonse ndakhala ndikumva makina amenewa. Lero ndiye ndazindikira kuti amalira ngati kasowo. Ndathira buluu m'chitini choyenera yelo. Malita anayi.

Loweruka, 7 Seputembala.

Ndaweruka 1 koloko. Felemu ndaitulutsa panja, pa mkeka, dzuwa lili pamutu, kuti ndiione bwino ndisanaikwirire.

Mabowo 163. Ndawerenga kawiri. Bowo lililonse ndiye kuti kuboola ndi dirilo, kumasula sowo, kuilowetsa, kumanga, kucheka, kumasulanso. Ka 163. Kuti apange chiyani? Felemu ya chiyani? Chithunzi chilibe saizi imeneyi. Galasi iyayi.

Ndi matabwa awiri omata: la maluwa pamwamba, losalala pansi. M'makona mwina sowo inathawa mzere. Kassim sankathawitsa sowo. Mwina ankafulumira.

Dzanja lili ndi chizolowezi chake. Sindipaka kanthu osayesa kaye. Ndatenga kansalu, siteni wa a Festus pang'ono, ndapukuta pakona yapansi kumanzere. Kungofuna kuona m'mene paini ameneyu akumwera.

Thabwa lamwa, lafiira bwino. Koma pakati pa kufiirako patuluka chala. Choyera. Chala chachikulu, mizere yonse kuoneka, ndi chipsera chodutsa pakati.

Chipsera ndikuchidziwa. Chizulo chinamulasa ine nditamugunda chigongono, ndili Fomu 2. Ndinamanga ndine, ndi lamba wa yunifomu.

Ndikudziwa chimene chachitika. Guluu. Ukagwira thabwa ndi chala cha guluu, amauma osaoneka, ndiye siteni salowapo. Ndimafotokozera makalipentala zimenezi sabata iliyonse pa kauntala. Ndikudziwa.

Ndinakhala pa mkekapo mpaka mthunzi wa nyumba unandipeza.

Lamulungu, 8 Seputembala.

Ndachipala. Sandipepa wa 120, kenako 220. Chachoka. Pakona payera ngati kale.

Ndiye ndanyowetsa nsalu ndi thina, ndapukuta felemu yonse. Thina amaonetsa guluu kanthawi kochepa asanaume. Ndimafuna kudziwa ngati chinali chimodzi.

Khumi ndi zinayi. M'mbali monse. Zina zotsetsereka, ngati dzanja linaterera. Pamwamba pali zinayi pamodzi, munthu wogwira thabwa kuti asagwe. Zinaoneka, ndinawerenga, thina anauma, zinabwerera m'thabwa.

Izi ndiye zikundidya. Kassim ndi guluu! Munthu woti ankakhala ndi kansalu konyowa paphewa ngati mayi wa khanda. Ndikasiya kadontho kamodzi, rula pa zala. "Guluu ndi mboni, chemwali. Amadikira tsiku la mlandu." Zaka zisanu ndi ziwiri sindinaonepo chala chake pa ntchito. Lero khumi ndi zinayi.

Ndinamva zoti akudwala shuga. Amayi ananena pa foni kawiri, katatu. Ndinati achepetse tiyi.

Chitini chakuda ndachitsegula, ndachivundula, ndachitsekanso. Bulashi yanga ndi yaikulu, singalowe m'mabowo. Ndicho chifukwa chake. Palibe china.

Lachiwiri, 10 Seputembala.

Dzulo sindinalembe. Panalibe cholemba.

M'mawa uliwonse utuchi pansi pa felemu. Kamulu kakang'ono, koyera. Ndinaipemerera bowo lililonse Loweruka, ndinaigwedeza, ndinasesa. Lero ulipo. A landilodi akuti ndi anankafumbwe a m'matabwa. Paini watsopano? Chabwino. Anankafumbwe.

Ndayesa mitundu pa tizidutswa ta paini ta ku shopu, monga tinkachitira kale. Masamba a tiyi owiritsa: wotuwa, ngati wodwala. Polishi wa nsapato wakhofi: bwino, koma amanunkha ofesi ya boma. Oyilo wa thabwa yekha: wachikasu, mtundu wa uchi, zala zingabisale pang'ono. Siteni wa mbawa: wofiira kwambiri, wokongola kuposa onse, ndiponso ndi amene angaulule chala chilichonse.

Ndiye njira ndi zitatu. Kukwirira ndi wakuda. Kupala zonse, felemu ituluke yoyera ngati ya m'sitolo, ngati sinagwiridwe ndi munthu. Kapena kusiya.

Pakona paja ndinapala ndapukutanso thina. Chala chilipobe. Chofooka, koma chipsera chikuoneka. Guluu analowa m'kati mwa thabwa, paini ndi wofewa. Ndi zimene ndingauze kasitomala.

Amayi aimba. Mpunga wapezeka, mbuzi ya amalume, azimayi a ku Chikweo afika Lachisanu. Kenako: "Zai, mwana wanga sakugona bwino kumene aliko. Ndikumulota ataima pa geti, sakulowa." Ndinati maloto ndi njala. Anadula foni ndi iwo. Sanayambe adulapo.

Lachinayi, 12 Seputembala. Liwonde.

A Festus andipatsa masiku atatu. Felemu pamiyendo ulendo wonse, zitini ziwiri m'chikwama, wakuda ndi siteni. Kondakitala amafuna ndiilipirire mpando. Ndamuuza kuti mwini wake anafa, akamulipiritse yekha. Wandisiya, mpaka tafika pa mlatho wa Shire. Namasupuni ali thoo pa baraji, ngati amene ali pa felemu.

Amayi anandilandira ngati mlendo wa boma. Mpando, madzi, mafunso a ulendo.

Alamu andipatsa kiyi wa shedi. Sindinalowemo chichokere.

Ndinayembekeza fumbi. Sindinayembekeze kuyera.

Makoma onse. Mawotchi opanda mivi, mayina a ana a anthu, Bismillah wamkulu wa zilembo za Chiarabu, mitanda iwiri ya Akatolika, nsomba, mashelefu a maluwa. Zonse zochekedwa, zopalidwa, zosapakidwa. Zoyera ngati mafupa. Ngati chipinda cha anthu ovala sanda akudikira kuitanidwa.

Alamu akuti nditachoka Kassim anayesa kupaka yekha. Anapaka dzina la mwana wa sisitere wa kuchipatala, pinki ndi girini kusokoneza, mayiyo anabweza. Anayesa kulemba pa zitini, koma akasakaniza ankasochera. Iwo anati amuthandize, anakana. Makasitomala amene ankalola vanishi yekha ankatenga katundu wawo. Enawo ndi awa ali pakhomawa.

Ndinati kunyada, basi. Balaka ndi ola limodzi. Pakamwa anali napo.

Alamu sanakweze mawu. Sakweza. "Alamu, munamutsekera khomo n'kumadabwa kuti sakugogoda."

Anapita m'nyumba, anabwera ndi foni ya Kassim, galasi losweka pakona. Anatsegula dzina langa, anaiika pa benchi pafupi ndi kasowo, n'kundisiya.

Mameseji 58. Onse tiki imodzi yotuwa. Palibe "pepa" ngakhale mmodzi, ndafufuza. Zithunzi zokhazokha. Chitini chotsegula, kachidutswa kopakidwa, nsalu ya kasitomala. Pansi pake funso limodzimodzi. Zai uwu ndi mtundu wanji. Zai iyi ndi red kapena. Chemwali tangondiuza iyi yokha. Ankadziwa kuti sindikulandira. Ankangotumiza.

Chaka chino zilembo zayamba kusochera, mawu kusowa mitu. Womaliza ndi wa pa 19 Julaye. Chithunzi cha kachidutswa kopakidwa, chala chake chachikulu chikuoneka m'mphepete. Akuti wasakaniza yekha wa felemu, akufuna ukhale wofiira ngati mbawa, wakhoza?

Ndi wobiriwira. Wobiriwira ngati ndowe za ng'ombe ya dzinja.

Ndaseka. Ndekha, m'shedi, mokweza. Kenako sikunalinso kuseka.

Lachisanu, 13 Seputembala.

Bwalo ladzaza. Azimayi kupeta mpunga, mbuzi kulira pa mtengo wa bwemba, amalume a Sufiyani kulamula aliyense atakhala pansi. Andipatsa moni ngati khonde lija silinachitike. Ndayankha ndi mutu. Iwo ndiye ayembekeze, sanachekepo kanthu.

Ndadziwa za mpata wapakati. Amayi anatsegula sutikesi kufuna nsalu ya patebulo, pansi pake satifiketi yanga ya Fomu 4. Ndinaisiya pothawa. Kumbuyo kwake manambala a pensulo, dzanja la Kassim, m'litali ndi m'lifupi. Ndapita nayo ku shedi. Yalowa ngati phazi m'nsapato yake.

Iye analekeza Sitandade 8, bambo atamwalira. Satifiketi itabwera anayenda nayo msika wonse wa Liwonde, mpaka kwa ogulitsa usipa. Izinso ndinaziiwala dala. Si okhawo amene amasankha zokumbukira.

Munthu wamantha. Kupepesa ndi thabwa. Mabowo 163 m'malo mwa mawu amodzi.

Alamu akuti anaicheka kuyambira Epulo. Maso atayamba chifunga, zala zitachita dzanzi. Guluu sankamumvanso pa khungu. Ankamata, n'kugwira paliponse kufufuza m'mphepete, osadziwa kuti akusiya chiyani. Tsiku lina anamupeza atakomoka pa benchi, atakumbatira thabwa.

Ndiye zala zinayi zija.

Itatha swala, pemphero la masana, ndatseka chitseko cha shedi. Zitini ziwiri pa benchi, sandipepa pakati. Ndinatenga sandipepa poyamba, ndisaname. Iye mwini akanaona zala zimenezi akanafa kawiri ndi manyazi. Akanati pala, chemwali, anthu asaone. Kupala kukanakhala kumumvera. Wakuda kukanakhala kumulanga.

Sindinafune kumumvera. Ndipo kumulanga ndatopa nako.

Siteni wa mbawa. Nsalu m'mbali, nthenga ya nkhuku m'mabowo, limodzi limodzi. Maola atatu. Thabwa likufiira, zala zikutuluka. Chimodzi, china, china. Ngati munthu akubwera kuchokera kuseri kwa thabwa, akugwiragwira pofuna khomo. Sindinathawe. Ndinkangoti ndakuona, ndakuona.

Khumi ndi zinayi, ndi chija ndinapala, chofooka. Zoyera pa kufiira, ngati maluwa ena amene sanawacheke.

Amayi analowa osagogoda. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayamba kunena kuti yathimbirira, kenako anaona chipsera. Anaika chala chawo pamwamba pake, osakhudza. Anafunsa ngati ndiye kuti ndamukhululukira.

Ndinati siteni sanaume, asagwire.

Loweruka, 14 Seputembala.

Tsiku la 40.

Vanishi koti imodzi m'mawa kwambiri, mphepo isanadzutse fumbi. Wachiwiri sindipaka, nthawi palibe. Ponyamula ndagwira msanga. Chala changa chadinda pakona yakumanja, m'vanishi wosauma. Zaka zonsezi sindinalakwitsepo chonchi. Rula palibe. Ndachisiya.

Yakolekedwa pabalaza, satifiketi m'kati. Amalume akuti mmisiri akanakhalapo sakanalola madontho amenewo. Alamu anawayankha ndi iwo, pamaso pa anthu: "Mmisiri ndi ameneyo mukumuonayo." Ndawapatsa madzi alamu anga. Kapu yagalasi, ya alendo.

A shehe afika. Azibambo pa mikeka, dua yopempherera malemu yayamba, ndikuimva kuchokera muno. Ndathawira m'shedi pang'ono, ndanena kuti ndikutsuka mabulashi. Zoyera zonsezi zikundiyang'ana. Ndawerenga, 31. Mtanda uwu ukufuna oyilo yekha. Bismillah wobiriwira weniweni, osati wake uja. Dzina la Ophelia, kaya ndi mwana wa ndani, pano akuyenda kale, yelo. Ndipempha a Festus andipatse Loweruka lililonse, ndizibwera kudzapaka.

Amayi andiitana kawiri. Akufuna ndikanene pamaso pa azimayi, mawu aja okhululuka. Ndipita. Koma si iwo oyamba kumva.

Ndatulutsa foni yanga. Ndapeza dzina lake pansi penipeni. Ndachotsa buloko. Mameseji 58 aja sabwera, ndikudziwa, akatsekeredwa amatayika. Ndayankha womaliza basi.

Ndalemba kuti: Ndi wobiriwira, achimwene. Simunakhoze. Ndakonza.

Tiki imodzi.

Foni ya achimwene ili pomwe alamu anaisiya Lachinayi, pa benchi, mu utuchi, pafupi ndi kasowo. Ndimayesa inazima kale.

Tiki ziwiri. Benchi yanjenjemera, utuchi ukutsetsereka, galasi losweka layaka, ndipo dzina limene anandisunga nalo si Zaituni, alemba kuti Maso